Mmbulu Wonyamula Mphika

Mwezi wa June chaka chatha, nyengo imene chisanu cha kuno ku Mzuzu chimalowetsa ana m'nyumba dzuwa lisanalowe, ndinagula buku la zithunzi kwa mnyamata wina amene amayala mabuku akale pakhonde la sitolo kufupi ndi msika waukulu. Linali pansi pa mulu wa mabuku a masamu ndi a sayansi a ku sekondale, ngodya zake zitapindika, ndipo mkati mwa chikuto munali dzina la mwana wa kunja lolembedwa ndi pensulo yofiira, kusonyeza kuti linayenda ulendo wofanana ndi wa zovala za kaunjika. Chimene chinandiimitsa ndi chithunzi cha pachikuto: chilombo chotuwa, cha mphuno yaitali ndi mano oyera mbee, chikuyenda ndi miyendo iwiri chitakumbatira mphika waukulu woti n'kuphikira anthu a pamaliro. Ndili ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 6 ndi mnyamata wa zaka 4, ndipo kuyambira madzulo a tsiku limenelo bukuli talitsegula kambirimbiri moti ulusi wa pamsana pake wayamba kuoneka.

Nkhani yake ndi yaifupi. Mmbulu wasamukira m'mudzi wa nkhosa, mbuzi ndi nkhuku, ndipo wapeza nyumba moyandikana ndi gogo wina wa nkhosa amene amakhala yekha. Kutacha, eni mudzi akuuona ukutulutsa mphika waukulu uja, kenako sowo, kenako chingwe, ndipo aliyense amene walimba mtima n'kuupatsa moni panjira sakuyankhidwa, chifukwa mmbuluwo ukungong'ung'udza kukhosi, mano ali gwa. Mawu a m'bukumo ndi ochepa, ndipo akungobwereza zimene zikunong'onedwa kuseri kwa makatani: kuti mphikawo ndi wa msuzi, sowoyo ndi ya mafupa, ndipo gogo uja dzuwa la mawa saliona. Koma zithunzi zikunena zina. Kumwamba kwa tsamba lililonse mtambo ukudera kuda, ndipo padenga la gogo pali chibowo chimene chikunka chikula. Mukafika pakati pa buku n'kutembenuza tsamba, mukupeza mvula ikukhuthuka, mphika uja uli pakati pa chipinda ukulandira madzi odontha, gogo ali phee pampando akumwa tiyi, ndipo mmbulu uli padenga ukukhoma thabwa. M'kamwa mwake muli misomali isanu ndi umodzi imene unaluma kuyambira m'mawa, ndipo n'chifukwa chake sunkatha kuyankha moni.

Usiku woyamba tinaliwerenga magetsi atazima, titazungulira mbaula kukhitchini, tochi ili m'manja mwa mtsikana. Bukuli ndi la Chingerezi, choncho ndinkamasulira uku ndikuwerenga, monga amachitira makolo ambiri. Mnyamata anali atabisa nkhope m'chitenje changa kuyambira pamene sowo inaonekera, akusuzumira ndi diso limodzi. Mlongo wake ndiye anayamba kuona chibowo cha padenga, ndipo anandigwira dzanja kuti ndisafulumire kutembenuza tsamba, n'kunena kuti, "Amayi, taonani, nyumba ya agogo idontha." Ine ndinali ndisanachione, chifukwa maso anga anali pa zilembo. Titafika pa misomali, mnyamata uja anatuluka m'chitenje, anayang'anitsitsa m'kamwa mwa chilombocho, anawerenga misomaliyo ndi chala, kenako anaseka mpaka kugwa chagada pamkeka. Anapempha kuti tiyambirenso, ndipo ulendo uno patsamba lililonse ankatsanzira kung'ung'udza kwa mmbulu milomo atatseka, misozi ya kuseka ikutsika m'masaya. Ndinaonanso kanthu kena kakang'ono. Poyamba mtsikana ankati "chimmbulu ichi", koma pomaliza ankati "a Mmbulu", monga timanenera a Njovu kapena a Mkango m'nthano zathu. Ulemu umenewu palibe amene anamuuza kuti aupereke. Unabwera wokha ataona zimene chilombocho chinkachita padenga.

Mabuku amtunduwu ali ndi luso limene munthu saliona msanga. Ambiri amakhala ndi masamba 32, chifukwa posindikiza chipepala chachikulu chimapindidwa n'kutulutsa masamba 8 kapena 16 nthawi imodzi, choncho wolemba ndi wojambula amakhala ndi malo ochepa ndipo amayenera kusankha mosamala pamene nkhani idzakhotere. Kuseka konse kumabisidwa kuseri kwa tsamba lisanatembenuzidwe. Mawu amatsata mphekesera, chithunzi chimatsata zimene zikuchitikadi, ndipo mwana amene sanayambe kudziwa zilembo ndiye amakhala woyamba kuona zoona, kuposa wamkulu amene akumuwerengera. Sizichitikachitika kuti mwana wa zaka 4 adziwe chinthu mayi ake asanachidziwe, ndipo ndikhulupirira kuti chimwemwe chachikulu cha ana anga chimachokera pamenepo.

Funso limene mtsikana anafunsa m'mawa mwake linali lakuti mmbulu n'chiyani kwenikweni. Chilombo chotuwa cha m'mabuku awa chimakhala ku Ulaya, ku Asia ndi kumpoto kwa America, ndipo kuno kwathu kulibe. Mmbulu wathu ndi galu wam'tchire wa mawangamawanga ndi makutu aakulu obulungira, ndipo omasulira Baibulo anabwereka dzina lake pofuna kutchula chilombo cha kumayiko akutaliwo. Ambiri a ife mawuwa tinayamba kuwamva kutchalitchi, pa Mateyu 7:15 pamene pakunenedwa za aneneri onyenga ovala ngati nkhosa pamene mkati ndi mimbulu yolusa, kapena pa Mateyu 10:16 pamene ophunzira akutumidwa ngati nkhosa pakati pa mimbulu. Choncho ngakhale munthu amene sanauonepo mmbulu amaudziwa kale mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi yoipa. Ku Ulaya mbiri imeneyi inakula chifukwa cha abusa amene ankaluza nkhosa, ndipo inalowa m'nthano za ana. Charles Perrault wa ku France anasindikiza mu 1697 nthano ya kamtsikana kovala zofiira kamene kanakumana ndi mmbulu popita kwa agogo ake, ndipo m'nthano yakeyo kamtsikanako kamadyedwa, osapulumuka. Abale awiri a ku Germany a banja la Grimm anaibwereza mu 1812 n'kuwonjezapo mlenje wodzapulumutsa. Alenje enieni nawonso sanagone, moti ku Britain papita zaka zoposa 200 kulibe mmbulu wam'tchire ngakhale umodzi.

Patapita nthawi olemba mabuku a ana anayamba kuitembenuza mbiriyi. Mu 1989 Jon Scieszka wa ku America anapatsa mmbulu mpata wofotokoza mbali yake pa nkhani yakale ya tinkhumba titatu imene mmbulu umagumula nyumba za tinkhumbato, ndipo mu 1993 Eugene Trivizas wa ku Greece analemba buku limene timimbulu titatu ndi tofatsa, pamene nkhumba ndiyo yogumula nyumba za ena. Nthabwala yotere imagwira chifukwa mwana amafika patsamba loyamba atanyamula kale mantha, ndipo wolemba amamulola kuti awanyamule mpaka pamene adzawatule yekha ndi kuseka.

Chimene chinandidabwitsa nditayamba kufufuza kuti ndiyankhe bwino mafunso a ana ndi chakuti mmbulu weniweni, makamaka wathu wa mawangayu, ndi nyama yosamalana kwambiri. Mimbulu ikapha nyama, ana ndiwo amayamba kudya akuluakulu akudikira. Ikakhala ndi ana aang'ono kudzenje, yopita kosaka imabwerera n'kulavulira anawo nyama imene inameza, osaiwala mnzawo amene anatsala kulera, ndipo wovulala kapena wodwala amagawiridwanso. Ofufuza ku Botswana anafalitsa mu 2017 zimene anaona zakuti mimbulu isananyamuke kukasaka imasonkhana n'kumayetsemula, ndipo kuyetsemulako kukachuluka gulu limanyamuka. Nditawauza zimenezi, ana anga anatha sabata yathunthu akuyetsemula dala asanapite kosewera. Mu July 2021 mimbulu 14 inabweretsedwa ku Liwonde ndi ku Majete kuchokera ku South Africa ndi ku Mozambique kuti mtundu wake ubwererenso m'dziko muno, ndipo ndinalonjeza ana kuti tsiku lina tidzasunga ndalama n'kupita kukaiona.

Koma chifukwa chenicheni chimene ndikulembera nkhaniyi chili pafupi kuposa Liwonde. Kuno ku Chibavi kumene timachita lendi, kuseri kwa mpanda wathu wa nsungwi, kumakhala abambo ena achikulire amene amakhala okha. Ndi aatali, akuda nkhope ndi dzuwa, ndipo mawu awo ndi okweza. Titangosamukira kuno kuchokera ku Ntcheu, anthu anandichenjeza kuti agogo amenewa sayankha moni, amayang'ana anthu moopsa, ndipo usiku kunyumba kwawo kumamveka kugogoda. Ana a m'dera lino mpira ukagwera pabwalo pawo ankangousiya. Mawu akuti mfiti sankatchulidwa mokweza, koma ankamveka m'kunong'ona kwa pampopi. Tonse tikudziwa kumene kunong'ona kotere kumathera m'dziko muno. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunenera munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe chaka ndi chaka timamva pawailesi za okalamba omenyedwa, otenthedwera nyumba, ena ophedwa kumene, chifukwa cha mbiri imene inayamba ndi mawu ang'onoang'ono ngati amenewa. Ine sindinanenepo mawu oipa okhudza agogowa, koma sindinatsutsenso, ndipo nditawapatsa moni kawiri osayankhidwa ndinasiya. Zaka ziwiri zinatha tikumwa madzi a mpopi umodzi ngati alendo, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima mpaka lero.

Tsiku lina m'mwezi wa July, titawerenga bukuli mwina kakhumi, ndinali kuchapa panja pamene agogowa anadutsa atanyamula thabwa paphewa. Mtsikana anawapatsa moni ndi mawu ake aang'ono, ndipo iwo anangodutsa. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandifunsa ndi nkhope yosaseka kuti, "Amayi, kodi mwina agogo aja ali ndi misomali m'kamwa?" Funsoli linandigwira, chifukwa mwana wa zaka 6 anachita chimene ine wamkulu ndinalephera kwa zaka ziwiri: anaganiza kuti kusayankha moni kungakhale ndi chifukwa china chosakhala nkhanza. Madzulo ake ndinapakula nyemba m'kambale, ndinatenga ana onse awiri, n'kukaodira pakhomo pawo. Tinaodira katatu osayankhidwa, mpaka pamene anatiwona pazenera n'kutuluka mofulumira akupukuta manja. Nditagwada n'kuwapatsa moni, anapendeketsa mutu n'kuika dzanja kukhutu. Agogowa samva bwino. Anagwira ntchito zaka zambiri pa makina ocheka matabwa ku Chikangawa, makutu anatha pang'onopang'ono, ndipo amayang'anitsitsa anthu chifukwa amawerenga milomo. Kugogoda kwa usiku ndi timipando timene amakhoma kuti akagulitse kumsika, popeza tulo sawapeza msanga chimwalirire akazi awo. Kambale kaja kanabwerera m'mawa mwake muli mapeyala atatu a mumtengo wawo, ndipo patapita masiku anabwera okha ndi hamala kudzalimbitsa mwendo wa benchi lathu umene anauona ukugwedera.

Mayi wina amene timapemphera naye nditamuuza za mabukuwa sanagwirizane nane, ndipo maganizo ake sindikuwapeputsa. Anati dziko lili ndi anthu oipa enieni, ndipo mwana amene waphunzitsidwa kuti chilombo chilichonse n'chofatsa tsiku lina adzakwera galimoto ya munthu wosamudziwa. Mantha amenewa ndili nawo inenso, ndipo malamulo a pakhomo pathu sanasinthe: ana sapita okha m'nyumba ya munthu aliyense, salandira chakudya kwa munthu amene makolo sakumudziwa, ndipo wamkulu aliyense akawauza kuti asunge chinsinsi amayenera kudzandiuza tsiku lomwelo. Koma ndikaganiza mozama ndimaona kuti mabuku akale ndi atsopanowa sakutsutsana kwenikweni. Perrault yemwe uja, pamathero a nthano yake, anachenjeza kuti mimbulu yoopsa kwambiri ndi ija yolankhula mofatsa, yaulemu, imene imatsatira atsikana mpaka kunyumba. Choncho onse akunena kuti nkhope ndi mawu zimanyenga, kaya ndi nkhope yoopsa kapena yomwetulira, ndipo choyenera kuyang'ana ndi zochita za munthu. Mwana amene waphunzira kuyang'anitsitsa zochita ndi wotetezeka kuposa amene anangouzidwa kuti aope anthu a nkhope zakutizakuti.

Palinso chinthu china m'buku lathu lija chimene ndinachiona mochedwa, ndipo ndichimene chimandilasa kwambiri. Nkhosa, mbuzi ndi nkhuku zonse zija zinkakhulupirira kuti gogo adyedwa usiku womwewo, koma palibe ngakhale imodzi imene inatuluka kukamuchenjeza kapena kukamutenga kuti agone kwawo. Zonse zinali pamawindo. Chibowo cha padenga chinalipo mmbulu usanabwere, ndipo aneba amene anakhala ndi gogo zaka zonsezo sanachione, kapena anachiona n'kungodutsa. Cholakwa chawo sichinali kusamala, koma kuti mantha awo anathera pa kunong'ona, osabala chifundo chilichonse. Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo m'mudzi umenewu amene anazimira ndi mlendo yemwe onse ankamuopa. Wolemba sakunena zimenezi ndi mawu paliponse. Wangojambula patsamba lomaliza mbuzi imodzi ikubwera ndi makwerero, mutu uli pansi, ndipo nkhuku ikutsatira itanyamula ndowa.

Si mabuku onse amtunduwu amene ndimawakonda. Pamene ndinayamba kuwafunafuna mwadala, kwa ogulitsa m'misewu ndi kumashelefu a ana ku laibulale ya National Library Service kuno ku Mzuzu, ndinakumana ndi ena amene mmbulu umayenera kusiya kukhala mmbulu kuti ulandiridwe: uleke nyama, ubise mano, uphunzire kulira ngati nkhosa. Amenewa amaphunzitsa mwana kuti mlendo ndi wabwino pokhapokha akafanana nafe, ndipo mumzinda ngati uno, mmene Mtumbuka, Mchewa, Mtonga, Mngonde, Myao ndi wamalonda wa ku Tanzania amagulitsa pamzere umodzi, phunziro limenelo si labwino. Ena amaseketsa bwino mpaka pafupi ndi mathero, kenako amaima n'kuyamba kulalikira, ndipo ndaona ndi maso anga mmene nkhope ya mwana imazimira ulaliki ukayamba. Buku labwino limasiya mmbulu ndi mano ake onse, limaupatsa ntchito yogwira ndi mano omwewo, ndipo limakhulupirira kuti mwana amva yekha.

Ndimalakalaka titakhala ndi mabuku ambiri otere m'zilankhulo zathu, ojambulidwa ndi ajambuli athu, a nyumba za malata ndi mipanda ya nsungwi. Chilombo choyenera tili nacho kale. M'nthano zimene ndinakula nazo, agogo akati "Padangotero" ife n'kuvomera "Tili tonse", Fisi ankakhala wadyera ndi wopusa nthawi zonse, ndipo Kalulu ankapambana ngakhale pamene wanama ndi kuba. Nthano zimenezo ndimazikonda ndipo ndimawauza ana anga, koma ndikuona kuti mwana wa ku Malawi angaseke kwambiri ataona a Fisi akuzungulira khola la mbuzi usiku, mudzi wonse uli ndi zibonga, kenako n'kupezeka kuti akutseka pamene mpanda unagumuka. Pa intaneti pali African Storybook, ntchito imene inayambira ku South Africa, kumene munthu angawerenge pafoni mwaulere timabuku ta zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa kuphatikizapo Chichewa, ndiponso kuikapo nkhani yake. Ine ndi mtsikana tayamba kale yathu m'kope la masamu, iye akujambula, ine ndikulemba mawu, ndipo takangana kale kawiri pa nkhani ya kukula kwa mano a Fisi, chifukwa iye akufuna akhale aakulu kwambiri.

Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi, mtsikana anapempha kuti akaonetse agogo aja buku la mmbulu, ndipo tinapita tonse atatu. Tinawapeza pakhonde akupala mwendo wa kampando. Anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, anaika bukulo pamaondo, ndipo mtsikana anaima pafupi ndi khutu lawo lamanja, limene limamvako pang'ono, n'kumafotokoza mokweza tsamba ndi tsamba. Ataona chilombocho anati m'Chitumbuka chimatchedwa mphumphi, ndipo anafotokoza kuti ali mnyamata kwawo ku Rumphi anaonapo gulu la agalu am'tchire likuwoloka msewu m'bandakucha. Atafika patsamba la padenga anakhala chete, anabweretsa bukulo pafupi ndi maso, kenako anaseka chiseko chachikulu chimene chinamveka mpaka kumpopi, moti amayi awiri amene ankatunga madzi anatembenuka. Anati, "Mzukulu wanga, amene anajambula uyu amaidziwa ntchito, kalipentala aliyense amachita chonchi." Anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa misomali inayi, anailuma m'mbali mwa kamwa, n'kuyang'ana mnyamata uja maso ali tong'o. Mnyamatayo anawomba m'manja n'kufuula kuti, "Muli bwanji agogo?" ndipo iwo anayankha ndi kung'ung'udza kwa kukhosi, mapewa akugwedera ndi kuseka.